Sukulu ndi Mimba za Atsikana Achichepere m'Chigwa cha Domasi

Chigwa cha Domasi chili m'boma la Zomba, m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde ndi ku Mangochi. Mtsinje wa Domasi umatsika m'mapirimo n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, ndipo m'njira monsemo anthu amalimamo madimba ndi mpunga. Mbali yaikulu ya derali ndi ya Mfumu Malemia, ndipo muli Asilamu ambiri, makamaka Ayao. Ambiri a ife a kunyanja timangodutsapo pa minibasi, mwina n'kugula nthochi pa Songani. Komabe boma la Zomba ndi limodzi mwa malo ochepa mu Africa kumene akatswiri anatsatira atsikana zikwizikwi kwa zaka zingapo pofuna kudziwa chimene chimamusunga mtsikana pasukulu, ndi chimene chimamufikitsa pa mimba asanakhwime. Zomwe anapeza zikukhudza mabanja athu ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Machinga chimodzimodzi.

Chigwa cha masukulu

Domasi ndi dzina lakale pa nkhani ya maphunziro m'dziko muno. Amishoni a mpingo wa Church of Scotland anatsegulapo mishoni m'chaka cha 1884. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linamangapo sukulu ya Jeanes, komwe ankaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo, ndiponso mafumu. Lero pali Malawi Institute of Education, komwe amakonza silabasi ndi mabuku a ana athu, komanso Domasi College of Education, yomwe yakhala ikusula aphunzitsi a sekondale kuyambira 1993. Buku lomwe mwana wa ku Chitipa akuwerenga linakonzedwa pa Domasi, koma mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje womwewo angathe kusiya sukulu ali Sitandade 6 osaonako ndi chikuto chomwe cha buku la Sitandade 8.

Mbiri ya zimenezi timaidziwa. M'nthawi ya atsamunda masukulu ambiri anali m'manja mwa amishoni, ndipo kuphunzira kunkayendera limodzi ndi kalasi ya ubatizo. Makolo athu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akabwerako ndi dzina lina ndi chipembedzo china, ndipo mantha awo sanali opanda pake. Anyamata ankapita ku madrasa, ena n'kulowako sukulu ya boma pamene inapezeka. Atsikana ndiwo ankatsala pakhomo. Chotsatira chake tikuchionabe: m'nyumba zambiri agogo sanapite kusukulu, mayi analekezera Sitandade 3, ndipo palibe wamkazi m'mbumba yonse amene angamuuze mwana kuti ukafika Fomu 4 moyo umakhala wotani.

Zopinga zakalezo zambiri zinachoka. Maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'chaka cha 1994. Mkangano wa hijab, womwe unafika poipa pa sukulu ya M'manga ku Balaka mu 2019, unatha ndi mgwirizano womwe atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu anasainirana mu 2021 kudzera ku bungwe la Public Affairs Committee, wolola mtsikana kuvala hijab ya mtundu wa yunifolomu yake. Kulowetsa mwana wamkazi Sitandade 1 si vuto lalikulunso. Vuto lili pa kumusunga kuyambira Sitandade 5 kufikira atalemba mayeso a Fomu 4.

Kukula kwa vutoli

Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016, yemwe anachita ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba komweko, anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati poyamba. Kumidzi anali 31 mwa 100, m'tauni 21. Pakati pa atsikana omwe sanapiteko kusukulu, oposa theka anali atayamba kubereka. Pakati pa omwe anafika kusekondale anali mmodzi mwa asanu kapena kucheperapo. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti amayi 42 mwa 100 a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18.

Masukulu atatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Kalembera wachangu yemwe boma linachita chaka chomwecho anapeza mimba za atsikana pafupifupi 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Palibe chikhalidwe chatsopano chomwe chinabwera m'miyezi imeneyo. Chomwe chinasowa ndi sukulu basi.

Kafukufuku wa ndalama wa ku Zomba

M'zaka za 2008 ndi 2009, akatswiri a zachuma Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, mothandizana ndi Ephraim Chirwa wa ku Chancellor College, anayesa chinthu chosavuta kumva. Anasankha madera 176 a m'boma la Zomba, ambiri mwa iwo midzi yozungulira mzindawu, n'kulemba atsikana pafupifupi 3,800 a zaka 13 mpaka 22 omwe anali asanakwatiwepo. Madera anagawidwa mwa maere. Theka la maderawo silinalandire kanthu, kuti pakhale poyerekezera. Mu theka linalo mabanja ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi: kholo madola 4 mpaka 10 a ku America, mtsikanayo payekha dola imodzi mpaka madola 5. Nthawi imeneyo dola imodzi inali pafupifupi K140, choncho ya mtsikana inali K140 mpaka K700. Inali ya sopo, mafuta odzola ndi kope, osati ya kulemera nayo.

Pakati pa atsikana omwe anali pasukulu, ena anapatsidwa ndalamayo ndi lamulo lakuti azipezeka m'kalasi masiku 80 mwa 100 alionse, akalephera mwezi umenewo salandira. A kusekondale ankawalipiriranso fizi. Ena anapatsidwa popanda lamulo lililonse. Panalinso gulu lachitatu, la atsikana omwe anali atasiya kale sukulu, omwe anauzidwa kuti akabwerera m'kalasi azilandira.

Ndalama ya lamulo ndiyo inasunga atsikana ambiri pasukulu, ndipo iwo anakhoza bwino pa mayeso a kuwerenga Chingerezi. Ndalama yochepetsetsa inagwira ntchito pafupifupi mofanana ndi yochuluka. Izi ambiri ankaziyembekezera. Chomwe chinadabwitsa ndi ichi: maukwati ndi mimba zinatsika kwambiri m'gulu lomwe linkalandira popanda lamulo. Pakutha pa zaka ziwirizo, kukwatiwa m'gululi kunali kotsika ndi 44 pa 100, ndipo kutenga pakati kunali kotsika ndi 27 pa 100, poyerekeza ndi atsikana omwe sankalandira kanthu.

Chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa bwino. M'magulu onse munali atsikana ena omwe anasiyabe sukulu. Wa m'gulu la lamulo akangosiya, ndalama inkaduka, ndipo ankatsala wopanda sukulu, wopandanso kobiri. Banja linkabwera msanga. Wa m'gulu lopanda lamulo akasiya, ndalama inkabwerabe, ndipo iye ndi makolo ake sankathamangira mwamuna. Kusiyana konse kunachokera kwa atsikana osiya sukuluwa. Mtsikana amene ali m'kalasi sakwatiwa kawirikawiri, kaya akulandira kanthu kaya ayi. Amene ali pa ngozi ndi uja wangosiya kumene, yemwe dzina lake lafafanizidwa m'kaundula wa aphunzitsi ndipo palibe akumufunsanso.

Zotsatira zina zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2012. Patatha miyezi 18, atsikana a pasukulu omwe ankalandira ndalama anapezeka ndi kachilombo ka HIV 1.2 pa 100, pamene osalandira anali 3.0 pa 100. Palibe ulaliki kapena maphunziro a zaumoyo omwe anaphatikizidwa pa ndondomekoyo. Chomwe chinasintha n'chakuti atsikana olandirawo sankakhala kwambiri pa zibwenzi ndi amuna aakulu kuposa iwo.

Akatswiriwo anabwereranso patadutsa zaka ziwiri ndalama zitasiya, ndipo apa nkhani siikoma kwenikweni. M'gulu lopanda lamulo lija, maukwati ndi mimba zinakwera msanga mpaka kufanana ndi za anzawo omwe sanalandirepo. Ndalama inangochedwetsa, itatha, zinthu zinabwerera mwakale, kupatula kuti ana omwe anabadwa mayi awo akulandira ankakula bwinoko mu msinkhu. Phindu lokhalitsa linaoneka m'gulu lachitatu, la omwe anali atasiya sukulu n'kubwereramo: iwo anapitirira makalasi ambiri, anakwatiwa mochedwerapo ndipo anali ndi ana ochepa kuposa anzawo. Ife tikuona kuti apa ndi pomwe pali fundo ya kafukufuku yense. Ndalama imagula nthawi, koma chomwe chimatsala m'manja mwa mwana ndi makalasi omwe wamaliza.

Ku Kenya anapezanso zofanana ndi izi. Kumadzulo kwa dzikolo akatswiri Esther Duflo, Pascaline Dupas ndi Michael Kremer anangogawa yunifolomu yaulere kwa ana a Sitandade 6, ndipo kusiya sukulu ndi mimba za atsikana zonse zinatsika.

Chimayamba n'chiti, mimba kapena kusiya sukulu?

Timakonda kunena kuti wakutiwakuti anasiya sukulu chifukwa cha mimba. Nthawi zina ndi zoona. Koma kawirikawiri mwanayo amakhala atayamba kale kutaya mtima pa sukulu mimba isanabwere. Analowa Sitandade 1 ali ndi zaka zisanu ndi zitatu m'malo mwa zisanu ndi chimodzi, wabwereza kawiri, ndipo akutha msinkhu ali Sitandade 5 pakati pa tiana tomwe timamuseka. Masiku a kumwezi amajomba chifukwa alibe nsalu yodalirika ndipo chimbudzi cha pasukulu chilibe chitseko. Nthawi yodzala ndi yokolola mpunga amajombanso. Akamafika pokumana ndi mwamuna, sukulu imakhala itamutaya kale.

Wokhoza mayeso a Sitandade 8 amakumana ndi mtunda. Malo a kusekondale ndi ochepa, ndipo ambiri osankhidwa amapita ku sukulu zoyendera za CDSS, zina zili kutali ndi kwawo. Makolo amamupezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu, zomwe ana amazitchula kuti self-boarding, n'kumusiyira ufa ndi nyemba za sabata ziwiri. Ufa ukatha mwezi usanathe, pamakhala wina wokonzeka kuthandiza: wa kabaza yemwe amamukweza ulere, wa geni ya mpunga, msodzi wochokera ku Kachulu ali ndi ndalama ya matemba m'thumba, kapena mnyamata wobwera ku Joni ndi foni yatsopano. Zimenezi si za ku Domasi kokha; a ku Makanjira, ku Malindi ndi ku Senga Bay angotchula mayina ena a madoko. Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, umphawi m'midzi ya m'mphepete umakula, ndipo mwana wamkazi ndiye amayamba kuonedwa ngati pakamwa powonjezera.

Za chinamwali tinenepo mwachidule. Jando ndi nsondo zili ndi malangizo abwino a ulemu ndi ukhondo, ndipo si ife oyamba kunena kuti zilinso ndi zina zosayenera msinkhu wa ana omwe amalowako. Kumuuza mwana wa zaka khumi kuti tsopano wakula, kapena kumulimbikitsa kusasa fumbi, n'kosemphana ndi Chisilamu ndiponso ndi malamulo a dziko. Makolo ali ndi ufulu wofunsa anankungwi zomwe akaphunzitse asanapereke mwana, ndi kuonetsetsa kuti mwambo watha sukulu isanatsegulidwe.

Thupi la mwana silinakonzeke

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mayi wosakwana zaka 20 ali pa chiopsezo chachikulu cha kuthamanga kwa magazi komwe kumafikitsa pokomoka, ndi matenda a m'chiberekero akachira, kuposa wa zaka 20 mpaka 24. Mwana wake amabadwa kawirikawiri masiku asanakwane kapena wochepa sikelo. Chiuno chikakhala chisanakule mwana amakakamira panjira, ndipo kuchedwa kufika kuchipatala kungasiye bala la fistula, lomwe limachititsa mayi kudontha mkodzo kosalekeza. Fistula imachizika ndi opaleshoni, ndipo pa Bwaila ku Lilongwe pali chipatala chake. Choncho pakati pakadziwika, choyamba si mlandu ayi, koma sikelo. Kubisa mwana m'nyumba chifukwa cha manyazi mpaka miyezi isanu ndi iwiri ndiko kumaphetsa.

Zomwe malamulo akunena

Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira kapena kukwatiwa, ndipo limakhudza maukwati onse: a kwa DC, a chikhalidwe ndi a chipembedzo. Mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko, n'kuchotsa ndime yomwe inkalola wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Kuyambira pamenepo chilolezo cha bambo, cha amalume kapena cha ankhoswe sichipangitsa ukwati wa mwana kukhala wovomerezeka. Munthu wamkulu wogona ndi mwana wachichepere amayankha mlandu womwe chilango chake chingafike pa kukhala kundende moyo wonse, ndipo mlandu wotere sutha ndi mbuzi kapena chindapusa cha pabwalo la amfumu.

Apa tilankhule za ife eni. Mtsikana akapezeka ndi pakati, m'mabanja mwathu ambiri timathamangira kwa shehe kuti amange nikah, manyazi aphimbike. Tikumvetsa kulemera kwa manyaziwo, ndipo zina ndi tchimo lalikulu, kwa mwamuna ndi kwa mkazi mofanana. Koma nikah simangidwa mokakamiza mkazi, ndipo mwana wa zaka 15 yemwe wazunguliridwa ndi amalume okwiya sitinganene kuti wavomera. Shehe womanga ukwati wotere akuswanso lamulo la dziko. Komanso tiyang'ane mathero ake: mwamuna uja amapita ku Joni kapena kunyanja, chaka chisanathe uthenga wa talaka umabwera pa foni, ndipo mtsikana amabwerera kwa mayi ake ndi mwana kumsana, sukulu itamupita. Udindo wa mwamunayo ndi abale ake wosamalira khanda ulipo ndithu, ndipo khoti lingaulamule popanda ukwati.

Kubwerera kusukulu

Malawi anali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kulola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu. Ndondomekoyi inakhazikitsidwa mu 1993, ndipo Unduna wa Maphunziro unaikonzanso mu 2018. Maiko ena anachedwa kwambiri: Sierra Leone inachotsa chiletso chake mu 2020, ndipo Tanzania, komwe Pulezidenti John Magufuli ananena mu 2017 kuti wobereka asabwerere m'sukulu za boma, inasintha mu Novembala 2021. Kwathu kuno khomo lakhala lotsegula kwa zaka zoposa 30, koma olowapo ndi ochepa, ndipo makolo ambiri sadziwa n'komwe kuti lilipo.

Kholo kapena womuyang'anira mwana apite kwa mphunzitsi wamkulu pakati pakangodziwika, kuti zilembedwe kuti mwanayo wachoka chifukwa cha pakati ndipo adzabwerera. Mwana wongosowa osanena amalembedwa ngati wothawa sukulu, ndipo kudzamubwezera kumavuta. Ngati akuopa kusekedwa, angapemphe kalata yosamukira ku sukulu ina. Wa kusekondale yemwe sangathe kukhala m'kalasi m'mawa angalowe sukulu ya masana, ija timaitcha open, ngakhale iyo ndi yolipira. Pa masukulu ambiri a pulayimale pali gulu la amayi lotchedwa mother group, lomwe ntchito yake ina ndi kulondola ana osiya sukulu ndi kulankhula ndi makolo awo. Amayi a dawah a m'mizikiti yathu akhoza kulowa m'magulu amenewa m'malo moyambitsa awo apadera. Ngati pali nkhanza kapena ukwati wokakamiza, pa polisi pali ofesi ya Victim Support Unit, ku boma kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo nambala yaulere ya 116, yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO la ku Zomba, imalandira madandaulo a ana.

Chomwe chimalepheretsa ambiri si mphunzitsi wamkulu, koma funso lakuti khanda likhala ndi yani. Achipatala amalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chiphunzitso chathu chimalimbikitsa kuyamwitsa kufikira zaka ziwiri. Ziwirizi sizitsekereza sukulu ngati sukuluyo ili pafupi: mwana akayamba phala, mayi ake angamuyamwitse m'mawa, poweruka ndi usiku. Koma pafunika munthu wodziwika ndi dzina, agogo kapena azakhali, amene wavomera pamaso pa mbumba kuti kuyambira 7 koloko mpaka masana khandalo ndi lake. Nkhani imeneyi ikambidwe mwana asanabadwe, pa bwalo lomwe lija tikanakambirana za nikah.

Za ndalama

Boma lakhala likuchotsa zina mwa ndalama zolipira kusekondale, koma yunifolomu, nsapato, makope, sopo, zovalira za kumwezi ndi chakudya cha mwana wa self-boarding zikadali pa kholo. Mabanja osaukitsitsa omwe ali pa Mtukula Pakhomo, ndondomeko yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, amalandira kowonjezera pa mwana aliyense yemwe ali pasukulu. Bungwe la Islamic Zakaat Fund lakhala likulipirira ophunzira achisilamu a kusekondale ndi kukoleji, ndipo ku Mangochi kuli Maryam Girls Teachers Training College yosula aphunzitsi aakazi. Koma thandizo la mabungwe limapeza mwana yemwe wakhoza kale. Yemwe akuterereka ali Sitandade 6 amadziwika ndi anthu a pa mzikiti wa kwawo okha.

Makomiti a mizikiti omwe amasonkhanitsa zakaat ndi sadaka angatengepo zingapo pa zomwe zinapezeka ku Zomba. Kochepa kobwera mwezi uliwonse kamaposa thumba lalikulu lobwera kamodzi pa Ramadhan. Gawo lina lizifika m'manja mwa mtsikanayo, chifukwa pali zosowa zomwe sangapemphe kwa bambo ake. Mwana akajomba kapena akasiya, thandizo lisadulidwe tsiku lomwelo ngati chilango. Umenewo ndiwo mwezi wotumiza amayi awiri kukacheza pakhomopo. Ndipo mndandanda wa othandizidwa uzilembedwa mu Ogasiti, zotsatira za Sitandade 8 zikamatuluka ndipo chaka cha sukulu chisanayambe mu Seputembala, osaiwala kulembapo omwe sanasankhidwe kupita ku Fomu 1 ndi omwe ali ndi khanda kumsana.